Kutentha kwa pansi pa malata kungakufunditsireni madzi osamba

Amene anakwerapo kudenga mwezi wa Okutobala kukatseka podontha akudziwa chimene ndikunena. Pakati pa malata ndi siling'i pamakhala ngati mu uvuni, thukuta limayamba kamukamu usanagwire n'komwe hamala. Dzuwa likamaswa mtengo, mpweya wa m'menemo umatha kupitirira madigiri 50. Kutentha konseko kumangopita pachabe, pamene panja mayi akupemerera moto wa madzi osamba ndi nkhuni zimene mwana wasenza kuchokera m'mphepete mwa phiri. Zimenezi zimandipweteka mtima, makamaka ndikakumbukira matope ndi miyala zimene zinatsika m'mapiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mtengo uliwonse wotsala pamtunda paja tikuufuna.

Kuno ku Mulanje tili ndi mwayi: midzi yambiri imamwa madzi a m'mipopi otsika okha kuchokera m'phiri popanda injini. Ngati mpopi wa pakhomo panu umatuluka ndi mphamvu, madziwo akhoza kukwera okha kudenga.

Gulani payipi yakuda ya madzi, ya mamilimita 20, yotalika mamita 100. Payipi yotere imasunga malita pafupifupi 20, ndiye kuti ndowa imodzi. Ipindeni mozungulira ngati nkhata yaikulu, mizere yake isasanjikizane, ndipo muigoneke pa matabwa okhomedwa pafupi ndi msonga ya denga, poti mpweya wotentha umathawira m'mwamba. Siyani mpata wa zala zinayi pakati pa payipi ndi malata. Mbali imodzi ilumikizidwe ku mpopi, ndipo pamenepo pakhale potsekera pofikirika ndi dzanja; mbali inayo itsikire kubafa.

Apa ndiye mundimvetsetse, abambo. Payipi ikhale yathunthu, yopanda polumikiza paliponse m'dengamo. Polumikiza ndi pamene pamayambira kudontha, ndipo madzi akadonthera pa siling'i mudzazindikira bolodi itafufuma kale. Italikirane ndi mawaya a magetsi. Makoswe nawo amatafuna pulasitiki, choncho kwerani ndi tochi kamodzi pamwezi mukayendetse dzanja pa payipiyo. Ena amaganiza zokweza mgolo wonse kudenga kuti madzi achuluke. Musayerekeze. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, mgolo wa malita 200 ndi ngati matumba anayi a chimanga, ndipo mapaso a nyumba zathu zambiri sangaupirire.

Madziwa amafunda kwambiri cha m'ma 2 mpaka 4 koloko masana, nthawi imene othyola tiyi akuweruka ndiponso ana abwera kusukulu. Dzuwa likangolowa malata amazizira msanga, payipi nayo imatsatira. Wofuna kusamba madzulo atungiretu m'ndowa yovindikira, aikulunge ndi bulangete lakutha kapena masaka. Amayi, musanamwaze mwana madzi, yambani mwapisamo chigongono, chifukwa m'chilimwe otuluka koyamba amatha kuwawula khungu lanthete.

Madzi amenewa ndi osamba, ochapira ndi otsukira mbale basi. Akumwa ndi ophikira tungani pa mpopi wozizira. Madzi ofunda okhalitsa m'payipi amaswetsa tizilombo, kuphatikizapo totchedwa Legionella timene timakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timayambitsa chibayo munthu akapumira tinkhungu ta madziwo. N'chifukwa chake ndimalangiza kutungira m'ndowa m'malo moika shawa. Mukachokapo masiku angapo, tsegulani mpopi, ndowa yoyamba ikathirire nthochi.

Sindikubisirani: chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye, phiri litabisala mu nkhungu masiku atatu, denga silitentha ndipo madzi amatuluka ongochotsa chisanu. Masiku amenewo moto musonkhabe. Komabe dzuwa likawalako pang'ono, madzi oyambira pofunda amatentha msanga pa mbaula kusiyana ndi ochokera kuphiri aja oziziritsa mano, ndipo nkhuni zimapita zochepa.

Nyumba yopanda siling'i sisunga kutentha kokwanira, ya udzu ndiye ayi ndithu. Eni ake apake zigubu ziwiri penti wakuda, azidzaze m'mawa, aziike padzuwa pamalo obisika ku mphepo, monga m'mbali mwa khoma la khitchini, n'kukazitenga 3 koloko.