Zoyambira kuwerenga musanagwire buku la nkhani yaitali

Munthu amene wangomaliza sukulu ya kwacha, kapena amene anasiyira sitandade 4 kalekale ndipo tsopano akufuna kubwerera ku zilembo, nthawi zambiri amabwereka buku la nkhani yaitali la masamba 150. Amalimbana nalo masiku atatu, kenako n'kulikankhira kunsi kwa mphasa. Sikuti mutu ndi wouma ayi. Wowerenga mogwira chilembo chimodzichimodzi akamafika kumapeto kwa chiganizo chachitali amakhala ataiwala kale mmene chinayambira, ndiye nkhani yonse imamupulumuka. Chofunika ndi zolembedwa zazifupi, ndipo zoyamba zikhale zimene khutu likuzidziwa kale.

Ngati ndinu wopemphera, tengani buku la nyimbo la kutchalitchi kwanu. Sankhani nyimbo imene mumaidziwa pamtima, ikani chala pansi pa liwu lililonse, ndipo muiwerenge molankhula, osaimba. Poti mawuwo si achilendo, diso limangotsala ndi ntchito yozolowera maonekedwe awo. Koma pali msampha: pakamwa pamathamanga kusiya diso, munthu n'kumaliza vesi yonse chala chikadali pa mzere woyamba. Zikatero yambirani mzere womaliza, muzikwera m'mwamba.

Baibulo musaliyambire pa Genesis ngati kuti mulimaliza mwezi uno. Salimo 117 lili ndi mavesi 2 okha, Salimo 23 lili ndi 6. Mukatha amenewa pitani pa Rute kapena Yona. Lililonse lili ndi machaputala 4, kotero mukamawerenga chaputala chimodzi pa tsiku, pa masiku anayi mwamaliza nkhani yathunthu, yokhala ndi poyambira ndi pothera. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo makope akale, amene adakalipo m'nyumba zambiri, amalemba c pamene lero timalemba ch: mupeza "cifukwa" ndi "wace" m'malo mwa "chifukwa" ndi "wake". Musadzikayikire, si inu amene mwalakwitsa. Buku Loyera, la 1998, Chichewa chake n'chapafupi ndi chimene timalankhula pabwalo.

Gulu lachiwiri ndi mapepala amene amadutsa m'manja mwanu tsiku lililonse. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ukalowa, musathamangire kupatsa mwana foni. Pezani kaye zinthu ziwiri nokha, ndalama zimene zalowa ndi zimene zatsala. Ambiri mwa mauthengawa amabwera m'Chingerezi, koma mawu ake amangobwerezabwereza, ndiye pakatha mlungu mwawaloweza. Chimodzimodzi risiti ya mlimi wa tiyi, pomwe mufune tsiku ndi makilogalamu, komanso paketi ya mbewu ndi thumba la feteleza. Mukakwera minibasi kuchokera ku Bvumbwe kudzera ku Thyolo boma ndi Luchenza mpaka pa Chitakale, khalani kuwindo, muziwerenga chamumtima zikwangwani za magolosale ndi masukulu. Pa za mankhwala pokha musaphunzirirepo nokha. Paketi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo ndi bwino kuiwerenga, koma zimene mwamva mukatsimikize kwa alangizi a zaumoyo.

Nyuzi ya Chichewa ndiye pokhalitsa. Tamvani amatuluka m'kati mwa Weekend Nation Loweruka, ndipo mukapeza Fuko kapena Boma Lathu, nazonso n'zabwino. Ya mwezi watha imagwirabe ntchito, popeza inu mukufuna zilembo, osati kutsogola kumva nkhani. Nyuzi saiwerenga ngati buku. Yambani ndi mutu wa nkhani, kenako chithunzi ndi mawu a pansi pake, kenako ndime yoyamba. Atolankhani amaika chenicheni cha nkhani m'ndime imeneyi, kotero mukalekera pomwepo simunataye kanthu. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti nkhani imasanjidwa m'mizati yopapatiza. Diso losazolowera limalumphira pa mzati woyandikana nawo, n'kuphatikiza za mpira ndi za maliro. Phimbani mzati winawo ndi kapepala.

Mabuku a Chichewa a sitandade 3 ndi 4 a ana anu ali ndi nthano za tsamba limodzi kapena awiri, zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi. Manyazi apa ndi osathandiza. Mukafuna, nenani kuti mukuona ngati mwanayo akukhoza, muziwerenga mosinthana ndime. Zilapi ndi miyambi nazo n'zabwino chifukwa mzere umodzi ndi nkhani yokwanira. Ndakatulo zidikire pang'ono. Zimaoneka zazifupi, koma alakatuli amakonda mawu akuya ndi mikuluwiko, moti mutha kutchula liwu lililonse bwinobwino osamva chimene chikunenedwa. Mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook werengani ndithu, koma musatengereko kalembedwe, poti kumeneko anthu amadula mawu mmene afunira.

Kuti mudziwe ngati cholembedwa chakukulirani, werengani tsamba limodzi, muzipinda chala pa liwu lililonse limene lakukanikani. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, chisungeni, mudzachibwerere pakatha mwezi. Zikapindika ziwiri kapena zitatu, ndicho chanu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Lamulungu lokha. Nkhani imodzi muiwerenge katatu: koyamba mokweza, kachiwiri chamumtima, kachitatu mawa lake, ndipo mukatero muifotokozere wina osayang'ana papepala. Mawu atsopano lembani m'kope, osapitirira asanu pa tsiku.

Werengani kukadawala, pakhonde, osati pa koloboyi. Ngati mwapitirira zaka 40 ndipo mukuona kuti pepala mukulitalikitsa kuti zilembo zioneke, kapena mutu ukuwawa mukangowerenga pang'ono, amenewo ndi maso, osati nzeru. Kayezetseni kuchipatala, magalasi owerengera amathetsa vutoli. Mapepala nawonso amafuna chisamaliro kuno kwathu. Chiperoni chikatsika, nyuzi imayamwa chinyontho, masamba n'kumatirirana ndi kuchita nkhungu. Ziikeni mu jumbo, mumange kukamwa, ndipo muikoloweke pa msomali kutali ndi khoma la dothi, kumene chiswe chimakwera.