Samalirani Makina Oziziritsira M'nyumba Dzuwa Lisanafike Pachimake

Amene muli ndi makina oziziritsira m'nyumba, musadikire kutentha kwa mu Okutobala kuti muwayang'ane. Tsegulani chivundikiro cha gawo lam'nyumba, chotsani masefa, muwatsuke ndi madzi ofunda pang'ono, kenaka muwayanike pamthunzi mpaka aumiretu. M'miyezi ya fumbi ntchitoyi ichitike pakatha milungu iwiri iliyonse, chifukwa sefa ikatsekeka mpweya sudutsa bwino, makina amadya magetsi ambiri, ndipo nthawi zina pamapaipi pamamata madzi oundana.

Chofunika kwambiri kuchidziwa ndi nkhani ya gasi. Gasi wa m'makinawa satha ngati mafuta a galimoto, choncho akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha. Musalole kuti mmisiri angowonjezera gasi asanapeze ndi kutseka malowo, chifukwa posakhalitsa mudzamulipiranso pa vuto lomwelo. Magetsi akathima nʼkuyakanso, dikirani mphindi 5 musanayatse makinawo kuti kompresa, yomwe ndi injini yopopa gasi m'makinawa, isapse.

Ngati makina anu ndi akale, ogwiritsa ntchito gasi wa R22 amene akuthetsedwa padziko lonse, ndipo kompresa yawonongeka, ndikulangizani kuti mugule atsopano amtundu wa inverter (amene kompresa yake imasintha liwiro malinga ndi kutentha kwa m'chipinda) oyendera gasi wa R32, oyenerana ndi kukula kwa chipinda chanu.