Momwe mungasonkhanitsire mbiri ya masikauti ndi magaidi kuno ku Mangochi

Mbiri ya masikauti ndi magaidi a m'boma lathu lino yambiri ili m'mitu ya agogo, ina m'masutikesi a malata kunsi kwa bedi, ina m'mabuku akale a sukulu omwe chiswe chayamba kale kudya. Ine ndimayang'anira gulu la masikauti pa sukulu ina ya pulayimale kutsidya kwa Shire, ndipo pano ndikulemba njira yomwe ndimatsata pofunsa akuluakulu za gulu lathuli. Ndikulembera makamaka atsogoleri anzanga a ku Makanjira, Namwera, Katuli, Chilipa ndi Monkey Bay, chifukwa kwanukonso kuli nkhalamba zodziwa zinthu, ndipo maliro aliwonse akumapita ndi nkhani zomwe palibe anazilemba.

Musananyamuke, sungani pamtima zaka zingapo kuti muzidziwa pomwe nkhani ya munthu ikugwera. Robert Baden-Powell anamanga msasa woyamba wa anyamata pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907, ndipo buku lake lophunzitsira usikauti linatuluka mu 1908. Magaidi, gulu la atsikana, anayamba mu 1910 motsogozedwa ndi mlongo wake Agnes, kenako mkazi wake Olave ndiye anadzakhala mkulu wa magaidi padziko lonse. Baden-Powell mwini wakeyo anamwalira mu 1941 ku Nyeri m'dziko la Kenya, ndipo manda ake ali komweko. Kuno gululi linafika nthawi ya atsamunda, kudzera m'sukulu ndi m'mamishoni. Mu 1963 kunabadwa Malawi Young Pioneers, ndipo m'zaka za chipani chimodzi masikauti ndi magaidi anazimiririka, bwalo lonse la achinyamata n'kutsalira Apayoniya. Asilikali anawalanda zida Apayoniyawo mu Disembala 1993, dziko linavota pa chisankho cha zipani zambiri mu 1994, ndipo pambuyo pake magulu athu anadzukanso. Bungwe la Scout Association of Malawi linalandiridwa m'bungwe la masikauti a dziko lonse mu 2005, pomwe atsikana ali ndi lawo la Malawi Girl Guides Association.

Apa mwaona kuti anthu ofunsa ali m'misinkhu iwiri yotalikirana: amene anavala sikafu ufulu usanabwere kapena utangobwera kumene, omwe lero zaka zawo zapitirira 70, ndi amene anayambitsanso magulu pambuyo pa 1994. Yambani ndi oyambawo. Enawo mafoni ali nawo, mudzawapeza.

Vuto lalikulu lomwe mudzakumane nalo ndi kusakanikirana kwa mayunifolomu m'mitu ya anthu. Mukafunsa pamudzi kuti ndani anali sikauti, adzakulozerani aliyense amene anagubapo atavala khaki. Wina anali Mpayoniya, wina anali wa Youth ya chipani ija ya malaya ofiira, wina anali wa Boys' Brigade ku CCAP, wina wa Pathfinder ku mpingo wa Seventh-day Adventist. Onsewa ndi magulu osiyana, ndipo munthu sakunama akamawasakaniza, zaka ndiye zachuluka. Choncho musafunse kuti "Agogo, munali sikauti?" chifukwa mwaulemu adzangovomera. Afunseni kuti ankapatsana moni ndi dzanja liti. Sikauti weniweni amatulutsa lamanzere, ndipo kwathu kuno komwe kupereka dzanja lamanzere kwa mkulu ndi mwano, chinthu chimenecho munthu sachiiwala. Afunseni kuti sailuti ankaipanga ndi zala zingati; yathu ndi ya zala zitatu. Afunseni mtundu wa sikafu yawo, chimene ankamangira pakhosi, dzina la kagulu kawo kakang'ono, poti timagulu ta masikauti nthawi zambiri timatchedwa mayina a nyama kapena mbalame. Mukapeza kuti anali Mpayoniya, musatseke kope n'kunyamuka. Lembani nkhani yawo pa tsamba lapadera, chifukwa ndi amene angakuuzeni zomwe zinalowa m'malo mwa usikauti pa sukulu imeneyo.

M'chikwama mwanga simusowa sikafu ndi chingwe cha mita imodzi. Bambo wina wokalamba kufupi ndi Malindi anayankha mafunso anga onse ndi "ndinaiwala", mpaka ndinaika chingwe chija pamphasa. Anachitola, nsonga yakumanja pamwamba pa yakumanzere, kenako yakumanzere pamwamba pa yakumanja, n'kukoka, mfundo n'kukhala yafulati bwinobwino. Koma chenjerani, kuno kunyanja mfundo amadziwa aliyense wokoka khoka. Ndiye ndinafunsa kuti, "Bambo, imeneyi ntchito yake n'chiyani?" Iwo anati ndi yomangira nsalu pa munthu wothyoka mkono, chifukwa simudinda m'thupi ndipo simavuta kumasula. Yankho limenelo si la m'bwato, ndi la mphunzitsi wa masikauti. Kuchokera pamenepo dzina la mphunzitsiyo linabwera lokha, nyimbo ya pamoto inabwera, ngakhale malo pomwe ankakwezera mbendera.

Zaka musazifunse mwachindunji. Mangirirani nkhani pa zinthu zomwe aliyense wa kuno amakumbukira. Kodi zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itatha? Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, inali itayamba kale kuoneka? Nanga chipwirikiti cha pa 3 Malichi 1959, kapena tsiku la ufulu pa 6 Julayi 1964? Ngati yunifolomu anaigula ndi masheleni, ndiye kuti 1971 inali isanakwane, poti kwacha ndi tambala zinayamba chaka chimenecho. Afunseninso kuti anali Sitandade chani ndipo hedimasitala anali ndani. Mayina a mahedimasitala mukhoza kukawatsimikiza m'mabuku a sukulu.

Pali chaka chimodzi chofunika kuchigwira mosamala. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake anathira nkhondo boma la Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi), n'kukalephera kuwoloka pa Liwonde, ndipo zotsatira zake zinapweteka mabanja ambiri a kumvuma kwa nyanja. Anthu anamangidwa, ena anathawa. Mukafika pa zaka zimenezi n'kuona agogo ayamba kuyang'ana kumbali, zimitsani chojambulira mawu, musawakakamize. Akafuna adzakuuzani ulendo wina.

Za kafikidwe pamudzi mukuzidziwa kale. Dzerani kwa amfumu, kwa ahedi, kwa bambo wansembe kapena kwa shehe, munene cholinga chanu poyera. Lachisanu masana musapite, m'mwezi wa Ramadan madzulo anthu amakhala otanganidwa ndi futali, ndipo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja musauyese dala. Tengani paketi ya shuga kapena sopo, ndipo ngati Chiyao chimakuvutani, pitani ndi wochidziwa bwino, chifukwa nkhalamba ikafika pokoma nkhani imabwerera ku chilankhulo cha kwawo. Pemphani chilolezo musanajambule mawu kapena chithunzi, ndipo funsani ngati akulola kuti dzina lawo lidzatchulidwe.

Magaidi akale ndiwo ovuta kuwapeza, ndipo n'chifukwa chake ndimawayamba msanga. Atsikana opita kusukulu masiku amenewo anali ochepa, ndipo dzina lomwe lili m'kaundula wa sukulu si lomwe anthu akuwatchula nalo lero. Njira yachidule ndi kudzera kwa amayi a Mothers' Union ku Anglican, amayi a Mvano ku CCAP, ndi aphunzitsi kapena anamwino opuma pantchito. Malo ngati Malindi, komwe kuli mishoni yakale, chipatala cha St Martin's ndi sekondale ya atsikana ya St Michael's, ndi poyambira pabwino, chimodzimodzi kwa Mponda ndi ku Nkope. Wofunsa akhale mayi kapena mtsogoleri wa magaidi. Mwamuna akakhala pamenepo, amayi amayankha mwachidule, kapena bambo a pakhomopo amayamba kuwayankhira. Musawafunse za kusoka ndi kuphika zokha ngati kuti ndi zimene ankachita basi. Afunseni ngati anagonapo kumsasa, amene anawalola kupita, ndi zomwe anakubanja ananena ataona mtsikana akuguba.

Funsaninso amene sanalowe. Ichi ndimachilimbikira kwambiri. Makolo ambiri Achisilamu ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza chipembedzo, ndipo ena analibe ndalama ya yunifolomu. Mbiri yongotchula ana a aphunzitsi ndi a makalaliki, n'kusiya anyamata omwe ankaonerera kuseri kwa mpanda, si mbiri ya Mangochi. Masiku ano m'gulu langa muli ana ochokera ku madrasa ndi ochokera ku Sande sukulu atavala sikafu imodzi, ndipo ndimafuna adziwe kuti sizinayambe choncho.

Tsopano mapepala. Pemphani ahedi akuonetseni logibuku yakale ya sukulu, buku lomwe mahedimasitala ankalembamo alendo ndi zochitika. Mukapeza mzere umodzi wonena za perete kapena msasa, kopani mawu ake ndendende pamodzi ndi deti. Ku mishoni funsani mabuku a parishi ndi zithunzi zakale. Amene angakwanitse ulendo apite ku National Archives of Malawi ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, komwe mungafufuze zolembedwa za nthawi ya Nyasaland. Kumeneko muzifufuza ndi dzina la Fort Johnston, chifukwa ndi lomwe lili pa mafayilo a nthawiyo. Pa Boma pompano, ku Lake Malawi Museum pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, kambiranani ndi ogwira ntchito. Amadziwa akuluakulu ambiri osunga zinthu zakale.

Munthu akakutulutsirani baji, setifiketi kapena chithunzi, musabwereke. Zobwerekedwa sizibwerera, ndipo banja likataya chinthu chotere khomo limatsekekera wina aliyense wodzabwera pambuyo panu. Chiyaleni pa nsalu yoyera pamthunzi, jambulani ndi foni kumaso ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyo n'komwe kumakhala deti, chidindo cha wojambula kapena mayina olembedwa ndi pensulo. Kenako khalani pansi ndi mwini wake, muloze nkhope imodziimodzi kuyambira kumanzere, muzilemba dzina, mudzi ndi ngati munthuyo ali moyo. Chithunzi chimodzi cha anyamata khumi chikhoza kukupatsani makomo atatu atsopano oti mukagogode. Setifiketi yakale musaimatitse pulasitiki yotenthetsa ija, imaonongeka. Envulopu youma ndi yokwanira.

Madzulo a tsiku lomwelo lembani zonse m'kope lachikuto cholimba: tsiku, malo, amene munalankhula naye, ndi amene anamasulira. Siyanitsani zimene munthu anaona ndi maso ake ndi zimene anangomva. Awiri akatsutsana pa chaka kapena dzina, lembani zonse ziwiri, musasankhe yokukomerani. Mawu ndi zithunzi zisangokhala m'foni imodzi, foni imagwa m'madzi. Ikani pa memori khadi, tumizaninso pa imelo ya mnzanu wodalirika. WhatsApp imachepetsa zithunzi mpaka zilembo za pa baji osawerengeka, ndiye ngati mutumiza pamenepo, tumizani ngati dokyumenti.

Ntchitoyi musaigwire nokha. Gawani masikauti ndi magaidi anu awiriawiri, aliyense ayambe ndi agogo a kwawo, ndipo muwaphunzitse kudikira yankho osadula mkulu pakamwa. Mukamaliza kulemba, bwererani mukawawerengere eni nkhani kuti akonze polakwika. Pa 22 Febuluwale, tsiku lobadwa la Baden-Powell ndi Olave yemwe, lomwe masikauti ndi magaidi amalikumbukira kulikonse, aitaneni ku perete, muwakonzere mipando ndi mayendedwe. Kope limodzi la zonse mwasonkhanitsa lisiyeni ku ofesi ya ahedi, lina kwa mkulu wa masikauti kapena magaidi wa m'boma lino, ndipo pa chikuto mulembe mayina a midzi yomwe simunafikeko kuti wotsatira adzadziwe poyambira.