Kudzutsa makina akale a magemu popanda kuwapsereza

Makina ambiri a magemu a m'ma 1980 ndi 1990 akadali amoyo. Famicom ya Nintendo inatuluka ku Japan mu 1983, Mega Drive ya Sega mu 1988, Game Boy mu 1989, PlayStation yoyamba mu 1994, ndipo ngakhale atakhala zaka m'katoni kapena atabwera ndi katundu wa kaunjika, nthawi zambiri amafuna ntchito yochepa kuti ayakenso. Chimawapha kwenikweni ndi phuma la munthu amene wawapeza, yemwe amathamangira kuwalumikiza kumagetsi asanawerenge chilichonse.

Choncho yambani ndi kutembenuza makinawo, muwerenge zolembedwa kunsi kwake ndi pa adapta. Magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a 230V, a ku Japan ndi a 100V, a ku America ndi a 120V. PlayStation yoyamba ndi PlayStation 2 yaikulu ija zili ndi gawo lolandira magetsi m'kati mwake, ndipo linapangidwira dziko limene makinawo ankagulitsidwa. Ngati palembedwa 100V pokha, kulumikiza molunjika kukhoma kumaphulitsa fyuzi, mwinanso kapasita yaikulu (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi), nthawi yomweyo. Pamafunika transifoma yotsitsa mphamvu, imene amagetsi amati step-down, ndipo ya 100W imakwanira PlayStation 2 imodzi. Pakalembedwa 100–240V palibe vuto, mungofuna pulagi yolowa pa soketi yanu.

Makina amene adapta yake ili kunja kwa makinawo ndi osavuta, chifukwa mutha kusintha adaptayo. Koma pali msampha. Famicom ndi Mega Drive yoyamba zimafuna DC ya pafupifupi 10V, ndipo pakati pa kapulagi kake ndi negetivu, mosiyana ndi ma adapta ambiri a masiku ano. Mega Drive 2 pakati pake ndi pozitivu. Adapta ya NES, mtundu wa Famicom umene unkagulitsidwa ku America, imatulutsa AC ya 9V, ndipo kapulagi kake kamalowa bwinobwino mu Famicom n'kuiwononga. Kulowa kwa kapulagi si umboni woti zagwirizana. Yezani ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, musanalumikize. Ma ampu a adapta atha kuposa amene makina akufuna, koma asachepere.

Chithunzi chikatuluka chopanda mitundu kapena chikamayendayenda, musafulumire kunena kuti makina afa. Japan ndi America ankagwiritsa ntchito njira yoonetsera zithunzi pa TV yotchedwa NTSC ya 60Hz, pamene kuno ndi ku Ulaya ndi PAL ya 50Hz, ndipo ma TV ena akale sawerenga zonse ziwiri. Yesani pa TV ina.

Tsopano makatiriji, timabokosi ta gemu timene timalowetsedwa m'makina. Chizolowezi chouzira mpweya m'katiriji chisiyeni: mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chimadyetsa dzimbiri timano tachitsulo timene timakhudzana ndi makina. Gemu inkayaka munthu akauzira chifukwa choitulutsa ndi kuibwezeretsa basi. Njira yoyenera ndi kunyowetsa pang'ono kathonje ka kumtengo ndi isopropyl alcohol (mankhwala opukutira zipangizo zamagetsi) ya 90% kapena kuposa, kupukuta timanoto mbali zonse ziwiri mpaka thonje lizituluka loyera, kenako kudikira mphindi zisanu kuti paume. Sandipepa ayi, amachotsa kagolide kopyapyala kamene kamateteza timanoto.

Ntchito yofuna dzanja lokhazikika ndi ya batire. Kuyambira nthawi ya The Legend of Zelda ya pa NES mu 1987, makatiriji ambiri ankasunga pamene wosewera wafika m'kachipangizo kamene kamaiwala zonse magetsi akangoduka, ndipo chimene chinkakapatsa magetsi ndi batire laling'ono lozungulira la 3V. Batireli likatha, gemu imaseweredwa koma sisunga. Makatiriji a Super Nintendo amagwiritsa ntchito CR2032. Pokémon Gold ndi Silver amagwiritsa ntchito CR2025, ndipo mabatire awo anatha msanga kuposa ena chifukwa ankayendetsanso wotchi usana ndi usiku.

Potsegula pamafunika sikuludilaiva yapadera yotchedwa gamebit, ya 3.8mm pa makatiriji a Game Boy, Super Nintendo ndi Nintendo 64, ya 4.5mm pa ambiri a Mega Drive. Kukakamiza ndi pulayala kumalalitsa mutu wa sikulu. Mukatsegula, jambulani bolodi ya zamagetsi ya m'katimo ndi foni kuti mukumbukire kumene kuli + ndi −. Gulani batire lokhala kale ndi timiyendo towotcherera. Kuwotcherera molunjika pa batire la lithium n'koopsa, litha kuphulika, ndipo kumata ndi selotepi kumagwira masabata ochepa kenako n'kutaya zonse katiriji ikangogwedezeka. Ikani chowotcherera pa 330°C mpaka 350°C, sungunulani mwendo umodzi n'kuukweza, kenako winawo, osakhalitsa pamalo amodzi kupitirira masekondi atatu kapena anayi, chifukwa kutentha kukachuluka kachitsulo ka pa bolodi kamamatuka. Mukaika latsopano, yezani: lizionetsa 3V kapena kupitirira pang'ono. Dziwani kuti batire lakale likangochoka, zonse zimene zinasungidwa zimapita. Ngati likadali ndi mphamvu ndipo zosungidwazo n'zofunika, zikopereni kaye pa kompyuta ndi chipangizo ngati GB Operator kapena Retrode.

Zinthu ziwiri zimawononga makina ali chikhalire pashelefu. Choyamba ndi mabatire a AA oiwalika mu Game Boy, amene amatulutsa ufa woyera wodya zitsulo. Upukuteni ndi thonje la viniga pang'ono, kenako isopropyl. Chachiwiri ndi makapasita otayikira. Game Gear ya Sega imadziwika ndi vutoli: mawu amazimiririka, sikirini imada, ndipo mankhwala ake ndi kusintha makapasita onse. Xbox yoyamba ya mu 2001 ili ndi kapasita ya wotchi imene imadontheza madzi odya timizere ta pa bolodi. Pa mitundu ya Xbox imeneyi ya 1.0 mpaka 1.5 mutha kungoichotsa n'kutsuka pamalopo, makina amayendabe, amangofunsa tsiku. Mtundu wa 1.6 suyaka popanda kapasitayo, ndiye umafunika kuikamo ina.

Madisiki apukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Pa ma CD a PlayStation yoyamba samalani kwambiri mbali yolembedwa dzina, chifukwa zosungidwa zili pansi penipeni pa utotowo. Sungani zonse pouma, m'bokosi lotsekeka lokhala ndi timapaketi ta silica gel, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo samalani mphemvu, zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina.

Zodandaulitsa n'zakuti magemu a masiku ano ndiwo ovuta kusunga kuposa akalewa. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti 87% ya magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Nintendo inatseka kugula pa eShop, sitolo yake ya pa intaneti, ya makina a 3DS ndi Wii U mu March 2023, Microsoft inatseka sitolo ya Xbox 360 mu July 2024, ndipo kampani ya Ubisoft itazimitsa ma seva a gemu ya The Crew mu 2024, ngakhale amene anali ndi disiki sanathenso kuisewera. Xbox Series S ilibe n'komwe polowetsa disiki. Chotero gemu imene mukufuna idzakhalepo zaka makumi awiri zikubwerazi, funsani kaye ngati imaseweredwa popanda intaneti. Pa kompyuta, sitolo ya GOG imalola kukopera fayilo yoikira gemu imene siifuna kulumikizana ndi seva; sungani makope awiri pa ma hard drive osiyana. Pa makina a magemu, tsitsani magemu amene munagula pamodzi ndi ma update ake onse sitolo isanatsekedwe, lembani imelo ndi pasiwedi ya akauntiyo pamalo otetezeka, ndipo musafufute zimene zili m'makinawo poganiza kuti mudzatsitsanso.