Momwe mungakonzere ulendo wa pagalimoto wochoka ku Miami Beach kupita mumzinda wa Miami

Miami Beach ndi Miami ndi mizinda iwiri yosiyana ya ku Florida, m'dziko la America, ngakhale mayina akufanana. Miami Beach ili pachilumba chamchenga, chachitali koma chopyapyala, chomwe chinagona ngati mpanda pakati pa nyanja ya Atlantic kum'mawa ndi madzi a Biscayne Bay kumadzulo. Miami ili kumtunda, tsidya linalo. Kuchoka ku South Beach, dera la kum'mwera kwa chilumbachi, kukafika pakati pa mzinda ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 6, ndipo msewu ukakhala wopanda magalimoto ambiri mphindi 15 zimakwana. Ulendo womwewo ukhoza kukudyerani ola lathunthu. Chifukwa chake n'chakuti njira zowolokera ndi zowerengeka, ndipo mukakwera pamlatho palibenso pokhotera kuti muzembe mdipiti wa magalimoto. Ntchito yaikulu pokonza ulendowu ili pa kusankha mlatho ndi nthawi musanalize galimoto.

Yambani ndi adiresi ya komwe mukupita

Mzinda wa Miami unagawidwa pazigawo zinayi. Flagler Street imadula kumpoto ndi kum'mwera, Miami Avenue imadula kum'mawa ndi kumadzulo, n'chifukwa chake maadiresi ambiri amakhala ndi NE (kumpoto chakum'mawa), NW (kumpoto chakumadzulo), SE (kum'mwera chakum'mawa) kapena SW (kum'mwera chakumadzulo). Zilembo ziwirizi musazisiye polemba adiresi mufoni. NE 2nd Avenue ndi SW 2nd Avenue ndi misewu iwiri yosiyana, ndipo foni ikangosankha yolakwika mukapezeka muli dera lina. Lembaninso dzina la mzinda, popeza Miami Beach nayo ili ndi misewu yake ya manambala yomwe ilibe zilembo zimenezi.

Manambala a mbali ziwirizi sakumana. Mukawoloka kuchokera pa 41st Street ya pachilumba, mukatsikira chapa 36th Street ya kumtunda. Mukachokera pa 71st Street mukafikira pa 79th Street. Alendo ambiri amasokonezeka apa, kumaganiza kuti asochera pomwe ali m'njira yoyenera.

Sankhani mlatho potengera komwe mukatsikire

MacArthur Causeway (causeway ndi msewu wowoloka pamadzi) ndiyo njira ya anthu ochokera ku South Beach. Imayambira pa 5th Street, kudutsa m'mbali mwa doko la PortMiami ndi pachilumba cha Watson Island, n'kukalumikizana ndi msewu waukulu wa I-395. Ndi yaulere ndipo ilibe mlatho wotsekulira maboti. Ndi yoyenera ngati mukupita pakati pa mzinda, kumalo a masitolo a Bayside, ku bwalo la masewero la Kaseya Center kapena kudera la Brickell. Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Mukangodutsa Watson Island, malole ndi mabasi otuluka mu ngalande yapansi pamadzi yochokera kudoko, yomwe inatsegulidwa mu 2014, amalowa mumsewu kuchokera chapakati. Kenako potulukira popita ku Biscayne Boulevard pamafika msanga mukangotsika mlatho womaliza. Khalani kumanja nthawi ikadalipo. Mukapaphonya, msewu umakutengani mpaka ku I-95 kapena ku SR 836, yomwe ndi yolipira, ndipo kubwerera kumafuna kuzungulira. Ntchito yomanganso I-395 inayamba mu 2019, choncho mizere ya msewu imasinthasintha malo. Pamenepo khulupirirani zikwangwani kuposa foni.

Venetian Causeway ndi njira yakale, ya m'ma 1920, yomwe inalowa m'malo mwa mlatho wamatabwa wa Collins Bridge wa mu 1913. Imachokera ku Dade Boulevard chapa 17th Street, kudutsa pa tizilumba tokhala anthu, mpaka pa NE 15th Street. Ili ndi milatho 12, mzere umodzi mbali iliyonse, ndipo ndi yolipira. Liwiro lake ndi lochepa chifukwa mumayenda pakhomo pa anthu, pamodzi ndi apanjinga zakapalasa komanso othamanga. Iwiri mwa milathoyi imatukuka kuti maboti adutse, masana kawirikawiri pa ola lenileni ndi pa theka la ola. Belu likalira ndi chotchinga chikatsika, dziwani kuti mphindi zingapo zapita. Komabe MacArthur ikatsekeka ndi ngozi, njira iyi ndiyo imapulumutsa, bola muisankhe musanafike pa 5th Street.

Julia Tuttle Causeway, yomwe pazikwangwani imalembedwa I-195, ndi ya ochokera pakati pa chilumba, chapa 41st Street ndi chipatala cha Mount Sinai. Ndi yaulere, yowongoka ndipo ilibe mlatho wotukuka. Imakufikitsani kumadera a Design District, Midtown ndi Wynwood mukatulukira pa Biscayne Boulevard. Mukapitirira, imasanduka SR 112, msewu wolipira wopita ku bwalo la ndege la Miami International Airport. Ngati mukuthamangira ndege ndipo muli kumpoto kwa 23rd Street, musabwerere kum'mwera kukafuna MacArthur.

Ochokera ku North Beach, dera la kumpoto kwa chilumba, amadzera pa 71st Street n'kulowa John F. Kennedy Causeway, yomwe anthu amangoitchula kuti 79th Street Causeway. Ndi yaulere, koma ili ndi maloboti ambiri ku North Bay Village komanso milatho yotukuka. Ndi yabwino popita kumpoto kwa Miami. Popita pakati pa mzinda, nthawi zambiri kutsika ndi Alton Road mpaka ku I-195 n'kwachangu.

Kufika pamlatho penipenipo nako kumafuna nzeru. Ocean Drive ndi Collins Avenue ya ku South Beach zimadzaza ndi oyenda pansi ndi magalimoto otsitsa alendo kumahotela. Alton Road, ya kumadzulo kwa chilumba, ndiyo imalumikiza MacArthur, Venetian ndi Julia Tuttle, choncho pitani kumeneko msanga. Dziwaninso kuti pakati pa 26th Street ndi 44th Street, Collins Avenue imapita kumpoto kokha. Opita kum'mwera amadzera Indian Creek Drive.

Malipiro a msewu: palibe poima kuti mupereke ndalama

Amene anazolowera Chingeni kapena Kalinyeke pa M1, pomwe umaima, kupereka ndalama n'kulandira lisiti, aiwale zimenezo. Pa Venetian, pa SR 112 ndi pa SR 836 palibe munthu wolandira ndalama. Makina amawerenga kachipangizo ka SunPass komata pagalasi lakutsogolo, ndipo ngati mulibe kachipangizoka, kamera imajambula nambala ya galimoto, bilu n'kutumizidwa kwa mwini wake pamtengo wokwererapo.

Ngati galimoto ndi yobwereka kukampani, funsani musanasaine kuti malipirowa amawatenga bwanji. Makampani ambiri amaonjezera ndalama yawo ya tsiku ndi tsiku pamwamba pa malipiro enieniwo, moti ulendo umodzi wodzera pa Venetian ukhoza kudula kangapo kuposa mtengo wake. Ngati simukufuna kulipira kalikonse, sankhani mufoni mwanu zoti mapu apewe misewu yolipira, ndipo mugwiritse MacArthur, Julia Tuttle kapena 79th Street. Mukalowa mu I-95, musalowe m'mizere ya 95 Express yotchingidwa ndi timitengo tapulasitiki ngati mulibe kachipangizo kaja. Kumeneko kujambulidwa nambala yokha sikuloledwa, mumalipira chindapusa.

Nthawi yonyamukira

Masiku antchito, pewani kuyambira cha m'ma 7 mpaka 9:30 m'mawa ndi cha m'ma 3:30 mpaka 7 madzulo. Madzulo ndiye povuta kwambiri kwa ochoka pachilumba, popeza ogwira ntchito m'mahotela, m'malesitilanti ndi kuchipatala amakhala akubwerera kwawo kumtunda nthawi imodzi ndi alendo ochokera kugombe. Nthawi yomweyo mumakhala mukulunjika kumadzulo, dzuwa likukulasani m'maso, kuwala kwina kukuchokera pamadzi. Magalasi adzuwa akhale pafupi ndipo galasi lakutsogolo likhale lopukuta, chifukwa mchere wa m'mphepo ya kunyanja umasiya chifunga pagalasi chomwe chimaonekera dzuwa likapendeka.

Yang'ananinso kalendala. Kumayambiriro kwa December kumakhala chionetsero cha zaluso cha Art Basel Miami Beach, ndipo milatho yonse imadzaza sabata yathunthu. Mpikisano wa Miami Marathon, womwe umachitika Lamulungu m'mawa chakumapeto kwa January kapena kumayambiriro kwa February, umadutsa pa MacArthur ndi pa Venetian, choncho tsiku limenelo dzerani pa I-195. M'mwezi wa March, ophunzira akakhala patchuthi, komanso kumapeto kwa May pa tsiku la tchuthi la Memorial Day, apolisi amasintha kayendedwe ka misewu ku South Beach. Timu ya basketball ya Miami Heat ikamasewera ku Kaseya Center, Biscayne Boulevard imathina ola limodzi masewero asanayambe ndi akangotha.

Mphindi 10 musananyamuke, tsegulani FL511, pulogalamu ya boma la Florida yoonetsa ngozi, misewu yotsekedwa ndi makamera a pamsewu. Kuona kuti MacArthur yaima mukadali pa Alton Road kumakupatsani mpata wosintha njira. Kuzindikira muli kale pamadzi sikuthandiza kanthu. Ngati mukupita ku Brickell, onjezerani mphindi zina 10, popeza mlatho wa Brickell Avenue pa mtsinje wa Miami River nawo umatukuka.

Madzi ndi nyengo

Chilumbachi n'chotsika kwambiri ndipo pansi pake pali mwala wa laimu wobowokabowoka. Kuyambira September mpaka November, mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano, madzi a m'nyanja amakwera kuposa masiku onse n'kutulukira m'ngalande za mumsewu ngakhale kunja kuli ng'aa, kopanda dontho la mvula. Mbali ya kumadzulo ndiyo yotsika, komwe kuli Alton Road, West Avenue ndi Indian Creek Drive, njira zomwezo zopita kumilatho. Mzinda wa Miami Beach unakweza misewu ina ndi kuika mapampu, koma mvula yamphamvu ikakumana ndi madzi okwerawa, zithaphwi zimabwerabe.

Madzi amenewa ndi amchere. Amadya mabuleki, mawaya ndi chitsulo cha kunsi kwa galimoto. Madzi akuya masentimita 15 amafika kale kunsi kwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndipo akhoza kuzimitsa injini, pomwe a masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto. Ngati simukuona mizere ya msewu kapena m'mphepete mwake, bwererani mudzere kwina. Injini ikazimira m'madzi musayesenso kuiliza, chifukwa madzi olowa m'masilinda amapinda zitsulo zamkati. Mukadutsa pamadzi osaya, pondani mabuleki pang'onopang'ono kangapo kuti aume, ndipo tsiku lomwelo mukatsukitse kunsi kwa galimoto ndi madzi abwino. Galimoto yamagetsi yomwe yamira m'madzi amchere iikidwe kutali ndi nyumba, popeza batire yake ikhoza kuyaka patapita masiku.

Kuyambira May mpaka October mvula yamabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, yamphamvu koma yosakhalitsa. Lamulo la ku Florida limafuna nyali zikhale zoyaka mvula ikamagwa. Ngati simunanyamuke, kudikira theka la ola kuli bwino kusiyana n'kukumana nayo pamwamba pa mlatho pomwe mphepo imakankha galimoto cham'mbali.

Nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November, ndipo Miami Beach yonse ili m'dera lomwe anthu amalamulidwa kusamuka namondwe wamkulu akamayandikira. M'miyezi imeneyi thanki isatsike kupitirira theka. Malo omwetsera mafuta pachilumba ndi ochepa ndipo mafuta amatha msanga chenjezo likangoperekedwa. Akuluakulu a boma la Miami-Dade, lomwe mizinda iwiriyi ilimo, akalengeza kuti anthu achoke, chokani tsiku lomwelo mphepo isanayambe.

Kwa ozolowera kuyendetsa kumanzere

Ku Malawi, Zambia, Mozambique, South Africa ndi Britain timayenda kumanzere. Ku Florida amayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere. Pamsewu wodzaza simungalakwitse chifukwa mumangotsatira anzanu. Ngozi imabwera potuluka pamalo oimikapo galimoto kapena pokhotera kumanzere mumsewu wopanda kanthu, manja akabwerera ku chizolowezi. Kumbukirani kuti woyendetsa amakhala kufupi ndi mzere wapakati. Liwiro limalembedwa m'mamailosi: mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, choncho 30 ndi pafupifupi 48, ndipo 55 ndi pafupifupi 88. Loboti ikakhala yofiira mukhoza kukhotera kumanja mutaima kaye kotheratu, pokhapokha ngati pali chikwangwani choletsa, ndipo woyenda pansi ndiye woyamba. Mwana wa zaka 5 kapena kucheperapo ayenera kukhala pampando wa ana. Kulemba uthenga pafoni mukuyendetsa n'kolakwira lamulo, ndipo pamalo pomwe pali anthu akukonza msewu, ngati chigawo cha I-395 chija, simuloledwa ngakhale kuigwira m'manja.

Galimoto ikawonongeka pa I-195 kapena I-395, ikokereni kumbali yakumanja momwe mungathere, yatsani nyali zochenjeza, ndipo imbani *347 kuti a Road Rangers, omwe amathandiza kwaulere, akupezeni. Pakavulala munthu imbani 911.

Poimika galimoto ndi ulendo wobwerera

Sankhani poimika musananyamuke, ndipo adiresi yolemba mufoni ikhale ya malo oimikapowo. M'mbali mwa misewu malo ambiri amalipiridwa kudzera pafoni, polemba nambala ya dera yomwe ili pachikwangwani ndi nambala ya galimoto. Kulakwitsa chilembo chimodzi kumawerengedwa ngati simunalipire. Musaimike pamalo a sitolo n'kupita kwina, galimoto amaikoka ndipo kuiwombola n'kodula. Ngati muli ndi malo angapo oti mufike pakati pa mzinda, imikani kamodzi chapa Adrienne Arsht Center, pafupi ndi pomwe MacArthur ndi Venetian zimatsikira, n'kukwera Metromover, sitima yaing'ono yaulere yomwe imazungulira mzinda mpaka ku Brickell.

Pobwerera kudzera pa MacArthur, mukamayandikira Watson Island musakhale m'mizere ya kumanzere, chifukwa imeneyo imalowa mu ngalande yopita kudoko. Tsatirani zikwangwani zolembedwa Miami Beach, ndipo ngati mukupita ku Alton Road kumpoto, konzekerani kukwera kamlatho kodumpha mphambano ya 5th Street mukangofika pachilumba.