Kuchedwetsa kupsa kwa mapichesi ndi AVG

Pichesi likayandikira kupsa limatulutsa mpweya wa ethylene, umene umalifewetsa ndi kuligwetsa. Mankhwala a AVG, ogulitsidwa ndi dzina la ReTain, amachepetsa mpweyawo, choncho zipatso zimakhalitsa mu mtengo kwa masiku angapo, zikulako, ndipo zimathyoledwa zili zolimba.

Nkhani yagona pa nthawi. Poperani kukatsala masiku 7 mpaka 14 kuti muyambe kuthyola. Mukachedwa, ethylene amakhala atayamba kale ntchito ndipo mwangotaya ndalama. Sankhani tsiku lopanda mphepo, masamba ali ouma, ndipo mvula isagwe kwa maola angapo otsatira. Nyowetsani mtengo wonse mpaka nthambi zam'kati. Mlingo tsatirani wa pa paketi. Dziwaninso kuti kufiira kwa khungu kumachedwako, ndiye musadalire maso okha, yesani kulimba kwa chipatso.

Ethephon, mankhwala ena opopera, amafulumizitsa kupsa, koma pa mapichesi ngwovuta: kukatentha amayoyola masamba ndipo nthambi zimatuluka utomoni. Bola kumusiya.

Mitengo yofota ndi ludzu musaipopere AVG. Mukathyola, sungani zipatso pa 0°C, chifukwa pakati pa 2°C ndi 8°C m'kati mwake mumauma ngati ufa.