Kukonza khoma la nyumba yakale yamitengo ku England

Ndagwirapo ganyu pa nyumba zakale za ku Lavenham, ku Suffolk, zina zomangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi mitengo ya oak. Musanagwire nyundo, pitani kukhonsolo. Nyumba zambiri kumeneko n'zotetezedwa, ndipo kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la 1990.

Simenti ayi ndithu! Imatsekera chinyezi, mtengo n'kumaola mkati mwakachetechete. Gwiritsani ntchito laimu. Bayani nsanamira ndi msomali. Pofewa dulanipo, mulumikize oak watsopano ndi zikhomo zamtengo, osazula nsanamira yonse.

Pakati pa nsanamira pali timitengo tolukana, tophomedwa ndi dothi, udzu ndi ndowe, ngati nyumba ya agogo kumudzi. Pong'aluka, nyowetsani dothi lakalelo, muphomenso.